Kukonzetsa kapena kugula ina? Mafunso ndi mayankho pa galimoto ya 4x4 yokalamba kuno ku Mangochi

Galimoto ya 4x4 ikakalamba, funso limabwera lokha: ndipitirize kuthiramo ndalama, kapena ndiigulitse ndipeze ina? Kuno funsoli n'lolemera, chifukwa Hilux, Land Cruiser, Hardbody kapena Pajero si yongoyendera ulemu. Ndi imene imatuta usipa ku Makanjira, chimanga ku Katuli, ndiponso imathamangira ndi wodwala usiku mvula ili mkati. Mayankho ali m'munsiwa ndi a mafunso amene eni magalimoto oterewa amafunsa kawirikawiri.

Ndiyambe kuona chiyani ndisanaganize zambiri?

Yambani ndi chasisi, osati injini. Injini imatsitsidwa n'kuikapo ina, giyabokosi imasinthidwa, koma chasisi chikawola ndiye kuti galimoto yatha, ngakhale ikulira bwino chotani.

Kachapitseni kunsi ndi madzi amphamvu mpaka matope onse achoke, kenako muiimike pa dzenje la pagalaja. Tengani tochi, kahamala ndi sikuludiraiva yaikulu. Gogodani chasisi chonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee. Chowola chimalira mogontha ngati mwagogoda thabwa lonyowa, ndipo chimayoyoka makoko a dzimbiri. Pamene pakukayikitsa bayani ndi sikuludiraiva. Ikalowa, musadzinamize kuti ndi pamwamba pokha, chifukwa chasisi chimawola kuyambira m'kati momwe mumakhala matope.

Malo ofunika kuwayang'anitsitsa ndi awa: kuseri kwa kabini pamene katundu amapindira chasisi, pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo, chitsulo chopingasa chapamwamba pa thanki ya dizilo, pomwe pamamangidwa steering box, ndi pomwe bodi imakhalira pa chasisi. Pikapu imene yakhala ikunyamula feteleza kapena nsomba za mu ayisi imayamba kuwola pansi pa bodi yakumbuyo, chifukwa madzi ake amatsikira pomwepo. Galimoto yochokera ku UK kapena kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, imabwera dzimbiri litayamba kale.

Pomaliza yezani ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chili chowongoka. Mbali ina ikaposa inzake ndi sentimita imodzi kapena kuposa, pali chopindika kapena ekiselo yasuntha, ndipo n'chifukwa chake matayala akutha mbali imodzi.

Chasisi chang'ambika pamalo amodzi. Kuwotcherera sikokwanira?

N'kokwanira ngati mng'alu uli pa chitsulo cholimba, wobwera ndi katundu wolemera kapena mabampu. Wowotcherera wodziwa ntchito amaboola kabowo kumapeto onse a mng'aluwo kuti usapitirire, amaukulungiza ndi giraindala, amawotcherera, kenako amaphimbapo chigamba cha chitsulo chokhuthala ngati chasisi chomwecho, chodulidwa mosongoka mbali zonse ngati nsomba. Chigamba cha makona anayi chowotchereredwa mowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi chimapangitsa kuti chasisi chithyokere m'mphepete mwa chigambacho. Batire lichotsedwe asanayambe, ndipo thanki ndi mapaipi a buleki zitalikirane ndi moto.

Koma ngati mng'aluwo wabwera chifukwa cha kuwola, moto ulibe pogwira. Muwotcherera pano lero, mwezi wamawa pang'ambika pafupi pomwepo. Chinanso, musalole munthu kuwotcherera kapena kukulungiza pomwe pali nambala ya chasisi. Nambala ikasokonekera mudzavutika ku Road Traffic popangitsa COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), komanso pogulitsa.

Ikufuka utsi ndipo ikudya oyilo. Ndiye kuti injini yatha?

Osati nthawi zonse. Ilizeni m'mawa isanatenthe, wina aime kumbuyo aone mtundu wa utsi. Utsi wakuda nthawi zambiri ndi dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa: air filter yodzaza fumbi, manozo otha, kapena pampu yosasetedwa bwino. Zimenezi n'zokonzeka popanda kutsitsa injini. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, mwina kudzera m'maring'i, m'mavavu kapena mu turbo. Utsi woyera umene umatha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri kawirikawiri ndi ma glow plug. Woyera wosatha, madzi a mu radiyeta akuchepanso, ndi hedi kapena gasiketi yake.

Injini ikatentha, masulani chotsekera cha pothirira oyilo n'kuchisiya pabowopo osamanga. Chikangonjenjemera pang'ono, palibe choopsa. Chikamadumphadumpha, utsi n'kumatuluka mopuma ngati sitima, mpweya ukudutsa m'maring'i. Lembaninso oyilo amene mukuwonjezera: lita imodzi pa makilomita 1,000 alionse, popanda podontha poonekera, ndi wambiri.

Chimene chimathetsa mkangano ndi kuyeza compression, kutanthauza mphamvu imene mpweya umapanikizika nayo m'masilinda, ndi geji ya injini za dizilo. Pa Toyota 3L ndi 5L, injini yabwino imapereka pafupifupi 32 kg/cm², ndipo yotsikitsitsa yololedwa ndi 20. Pa 1HZ ya Land Cruiser, yabwino ndi 37, yotsikitsitsa 27. Masilinda asasiyane kuposa 5. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, ganizirani gasiketi ya hedi. Onse akatsika mofanana, injini yakalambadi. Musavomere ovaholo kwa makaniko amene wangomvetsera ndi khutu. Ngati geji palibe pagalaja yanu, kuipititsa galimoto kumene ilipo n'kotchipa kuposa kuphwasula injini imene vuto lake linali manozo anayi okha.

Imawira ndikamakwera Chowe kupita ku Namwera. Ndi chizindikiro choti ndiigulitse?

Apa mpofunika kudekha, chifukwa injini zambiri kuno zimafa ndi kutentha, osati ndi ukalamba. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, galimoto yodzaza katundu pa mtunda wa Chowe imaulula chilichonse chofooka pa njira ya madzi.

Yambani ndi zotchipa. Chotsekera radiyeta chikatha mphira kapena sipuling'i, madzi amawira msanga. Gulani cha nambala yofanana ndi yolembedwa pa chakalecho, monga 0.9 kapena 1.1. Fani ya mtundu wa viscous iyezeni injini ili yotentha koma yozimitsa: ikamazungulira mopepuka mukaikankha ndi dzanja, mafuta ake atha ndipo siikukokanso mpweya pa mtunda. Thermostat iikeni m'poto wa madzi pamoto muone ngati ikutseguka madzi asanawire. Amakaniko ena amangoichotsa n'kutaya. Kumeneko n'kubisa matenda, ndipo pa injini zina madzi amayamba kuzungulira m'kati osadutsa mokwanira mu radiyeta.

Kenako radiyeta yeniyeniyo. Galimoto imene yakhala ikumwa madzi a pamjigo kapena a m'nyanja kwa zaka imakhala ndi timapaipi totsekeka ndi dzimbiri ndi zokhala ngati laimu. Kunja nako kumadzaza udzu ndi matope pakati pa radiyeta ndi condenser. Ikatsukidwa kapena kusinthidwa, thiranimo coolant wosakaniza ndi madzi oyera, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka. Ntchito ya coolant kuno si kuteteza chisanu ayi, ndi kuletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira.

Zikakhala kuti thovu likutuluka mosalekeza pakamwa pa radiyeta injini ikulira, paipi yapamwamba n'kuuma gwa patangopita mphindi zochepa, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, vuto lafika ku hedi. Injini za hedi ya aluminiyamu, monga 1KZ-TE ya Prado ndi Hilux Surf komanso 4M40 ya Pajero, zimadziwika ndi kung'ambika hedi zikawira. Hedi ikachotsedwa ipite kokayezedwa ngati ili ndi mng'alu ndiponso ngati yapindika, isanabwezeredwe. Kungosintha gasiketi pa hedi yong'ambika n'kutaya ndalama. Pomanga pafunika torque wrench ndi ndondomeko ya m'buku la injiniyo, osati mphamvu za mkono. Kuwira kamodzi kokonzedwa bwino si chifukwa chogulitsira galimoto. Kuwira kachitatu pa hedi imene yasemedwa kale kawiri, pamenepo yambani kuwerengera mtengo wa hedi yatsopano kapena injini ina.

Chabwino n'chiti: ovaholo, kapena kugula injini yogwiritsidwapo kale ntchito?

Ovaholo imapambana ngati block ili bwino, crankshaft ikadali yotheka kusemedwa, ndipo pali woigwira amene amayeza ndi zida. Ovaholo yeniyeni si maring'i okha. Imafuna kubowola masilinda kapena kuika masilivu, mapisitoni ndi maring'i a saizi yake, mabering'i onse, magasiketi ndi masiilo, kuyeza pampu ya oyilo, kukonza mavavu, kuyezetsa manozo ndi pampu ya dizilo, water pump, ndi timing belt pamodzi ndi tensioner yake. Poti injini ili pansi kale, sinthiranitu kilatchi ndi release bearing. Maring'i atsopano m'masilinda okumbika amayamba kudya oyilo pakangopita miyezi yochepa. Ikamalizidwa, makilomita 1,000 oyamba iyende yopanda katundu wolemera, kenako oyilo ndi fyuluta zisinthidwe.

Injini yakunja imapulumutsa nthawi, koma mukugula chinthu chimene simukudziwa mbiri yake. Pitani ndi makaniko wanu ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Lilongwe komwe mukaigule. Muizungulitse ndi sipanala, mutsegule chivundikiro chapamwamba muone ngati muli phala lakuda la oyilo, ndipo mugwirizane polemba masiku oti mungaibweze ikapezeka yoipa. Ikhale ya mtundu womwewo. Kusintha mtundu kumabweretsa mavuto a mawaya, zomangira ndi giyabokosi. Sungani lisiti, ndipo nambala ya injini yatsopanoyo ikalembetsedwe ku Road Traffic kuti igwirizane ndi blue book.

Injini ikanoka n'kuboola block, funso limeneli palibenso: ndi injini ina basi.

4x4 siikulowa, ndipo difu ikulira. Zimenezi n'zodula kwambiri?

Nthawi zambiri ayi. Pa galimoto za mahabu otembenuza ndi dzanja, vuto limakhala girisi wouma m'habu. Pa zamakono zimene zimalowa zokha, limakhala kapaipi ka mpweya kong'ambika kapena kamota kolowa madzi. Kayezereni pamchenga kapena m'dothi: lowetsani H4, kenako L4, mukhote pang'onopang'ono mbali zonse. Kulira kwa "ka-ka-ka" pokhota ndi CV joint kapena birfield, zolumikizira za ekiselo pa magudumu akutsogolo. Musayende pa tala mu 4x4 ndi galimoto imene 4x4 yake ndi yongolowetsa pakafunika, chifukwa magudumu akasowa poterereka, transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi imene imapweteka. Matayala a masaizi osiyana kutsogolo ndi kumbuyo amachitanso chimodzimodzi.

Chimene chimapha madifu kuno ndi madzi. Difu yotentha ikalowa mumtsinje, monga zimachitikira panjira ya ku Makanjira nthawi ya dzinja, imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena m'masiilo. Masulani bawuti yothirira muone: oyilo wotuwa ngati phala ndiye kuti madzi alowa, ndipo achotsedwe tsiku lomwelo. Madifu ambiri amafuna oyilo wa 80W-90 wa GL-5, ndipo omwe ali ndi LSD (yochepetsa kuzungulira kwa gudumu limodzi lokha poterera) amafuna oyilo wakewake. Kulumikiza paipi yaitali pa kabowo kopumirako n'kuikweza m'mwamba ndi ntchito ya ola limodzi imene imapulumutsa difu. Mitanda ya propshaft ipopedwe girisi nthawi iliyonse mukusintha oyilo wa injini, ndiponso mukangowoloka madzi akuya.

Mukamagula difu ina, werengani mano. Gawani mano a giya lalikulu (crown wheel) ndi a laling'ono (pinion): 41 kugawa ndi 9 ndi 4.556; 43 kugawa ndi 10 ndi 4.3; 41 kugawa ndi 10 ndi 4.1. Yakutsogolo ndi yakumbuyo zikasiyana, galimoto imayenda bwinobwino mu 2WD, koma tsiku lolowetsa 4x4 china chake chimathyoka.

Nanga masamu ake ndiwawerengere bwanji?

Musayerekeze mtengo wokonzera ndi mtengo umene galimoto yanuyo ingagulidwe lero. Yerekezani ndi ndalama zonse zimene mungawononge kuti ina ifike pakhomo panu ili yokonzeka kugwira ntchito yomweyo.

Tengani pepala muligawe pawiri. Mbali yoyamba lembani zonse zimene yakaleyo ikufuna kuti iyende zaka ziwiri kapena zitatu: vuto la lero, matayala, mabuleki, mabushi, batire, kilatchi ngati yayandikira kutha. Onjezeranipo gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa injini ikatsegulidwa pamapezeka zina. Mbali yachiwiri lembani mtengo wa inayo, mayendedwe kuchokera ku Dar es Salaam kapena Durban ngati ndi yoitanitsa, msonkho wa MRA, kulembetsa, inshuwalansi, chiwongoladzanja ngati ndi ngongole, ndi sevisi yaikulu yoyamba. Chotseranipo ndalama imene mungapeze mutagulitsa yakaleyo momwe ililimu. Msonkho umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo 4x4 ya injini ya 2.5 kapena 3.0 imagwera kokwera. Funsani mtengo wake weniweni musanatumize ndalama kunja. Kumbukiraninso kuti kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magalimoto ndi masipeya zonse zinakwera, choncho mitengo imene munamva kale siikugwiranso ntchito.

Mafuta nawo awerengeni. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 20,000 pachaka, yakaleyo ikudya malita 13 pa makilomita 100 pomwe inayo ingadye 10. Kusiyana kwake ndi malita 600 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo wa lero muone zaka zingati zingapite kuti mubweze ndalama yogulira. Wa makilomita 6,000 pachaka adzapeza kuti mafuta okha si chifukwa chokwanira chosinthira.

Chimene ambiri amaiwala ndi masiku amene galimoto imagona pagalaja. Kwa wogulitsa nsomba zaziwisi, kapena woyendetsa alendo ku Cape Maclear, kufa panjira kamodzi kumatha kudya phindu la mwezi. Ngati chaka chathachi yagona masiku oposa amene bizinesi yanu ingapirire, ndipo chilichonse chofa chinali chosiyana ndi chinzake, ikani zimenezo pa sikelo.

Kodi injini zatsopanoko, monga D-4D za Toyota, si zabwino kuposa zakalezi?

Zili ndi mphamvu, zimadya mafuta pang'ono, ndipo zambiri zili ndi ABS ndi ma airbag, zinthu zimene zimapulumutsa moyo. Koma zimafuna dizilo woyera. Injini za common rail monga 2KD ndi 1KD zimapopa dizilo pa mphamvu yoposa 1,000 bar, ndipo madzi pang'ono kapena fumbi la m'chigubu limawononga mainjekita ndi pampu. Mainjekita ake ndi odula, ndipo atsopano amafuna kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto. Pa 1KD palinso timawashala ta pansi pa mainjekita timene tikatha, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa ya m'sampu, injini n'kunoka.

Injini ngati 3L, 1HZ kapena TD27 ya Nissan ili ndi pampu yosadalira kompyuta, ndipo makaniko wa ku Namwera kapena Monkey Bay amatha kuidzutsa ndi masipanala wamba. Kwa munthu amene ntchito yake ili kutali ndi tala, amenenso nthawi yosowa mafuta amakakamizika kugula a m'zigubu, ife timaona kuti yakale ya chasisi cholimba ndi yoyenera kuisunga. Wa maulendo ataliatali a Blantyre ndi Lilongwe, wonyamula banja, yatsopanoyo imamuyenera.

Ndaganiza zogula ina. Ndisamale chiyani?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wowala asakutengeni mtima. Iyezeni monga mmene tafotokozera pamwambapa, kuyambira chasisi. Fikani m'mawa injini isanalizidwe. Makilomita a pa dashibodi amabwezedwa, choncho onani kutha kwa mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Kwezani kapeti ndipo suzumirani kuseri kwa dashibodi: dothi louma kumeneko ndi chizindikiro cha galimoto imene inamirapo m'madzi, monga zinachitikira zambiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi za mu blue book, ndipo wogulitsayo akhale mwini wake wolembedwa, wokonzeka kupita nanu kokasintha umwini. Pa galimoto yolowera ku Chiponde, Mwanza kapena Dedza, onani mapepala a msonkho ndi chilolezo cha apolisi musanapereke ngakhale tambala. Mukagula, sinthani timing belt nthawi yomweyo ngati palibe umboni wa tsiku limene inasinthidwa. Pa injini zambiri za Toyota imasinthidwa pa makilomita 100,000 kapena 150,000 malinga ndi mtundu, ndipo ikaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Kodi ndikufunikiradi 4x4?

Werengani masiku amene munalowetsa 4x4 chaka chatha. Ngati maulendo anu ndi a pa tala, Liwonde, pa boma, Monkey Bay, pikapu ya 2WD yotalika kunsi ndi matayala abwino ikukwanirani, ndipo ili ndi zochepa zowonongeka.

Ndi liti pamene ndiyenera kungoileka?

Chasisi chikawola m'malo angapo. Injini, giyabokosi ndi difu zikafuna ndalama nthawi imodzi. Masipeya ake akamachita kuitanitsa kunja n'kudikira milungu. Kapena mawaya akakhala olumikizalumikiza moti imapsa mafyuzi mvula ikangogwa. Igulitseni ikadali yoyenda ndipo COF isanathe, makamaka mvula ikamayandikira pamene ofuna 4x4 amachuluka. Muuzeni wogulayo vuto lake. Ya chasisi chowola musaipake phula n'kuigulitsa kwa woti azikanyamulira anthu. Imeneyo ipite ngati masipeya, ndipo injini, giyabokosi, transfer case ndi madifu a Hilux kapena Land Cruiser sizisowa ozigula.

Ndasankha kukonzetsa, koma ndalama n'zochepa. Ndiyambe ndi chiyani?

Zoteteza moyo ziyambe: mabuleki, ma ball joint ndi ma tie rod, mabering'i a magudumu, matayala. Brake fluid amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Wakale amawira potsika phiri ndi katundu, pedulo n'kungolowa pansi. Pa tayala pali manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6, la ming'alu m'mbali, silidalirika pa tala wotentha wa kuno ngakhale mano akuoneka. Zikatha izi pabwere njira ya madzi ndi timing belt, kenako kodontha oyilo, mabushi ndi mashoko. Penti ndi mipando zidikire.

Ndi amakaniko gwirizanani polemba: ntchito yake, masipeya, mtengo, ndi tsiku lomaliza. Lipirani m'magawo, ndipo zitsulo zakale zonse zibwerere kwa inu m'katoni. Pa timing belt, gasiketi ya hedi, mabering'i ndi mafyuluta a dizilo musagule zotchipa zosadziwika mtundu. Komanso musalole kuti injini iphwasulidwe ndalama za masipeya zisanakwane. Injini yotsegula ikakhala miyezi itatu pabwalo la galaja imalowa fumbi ndi madzi a mvula, mabawuti amasokonekera, ndipo zitsulo zina zimabwerekedwa kukaikidwa pa galimoto za ena. Ngati ndalama zichedwa, ndi bwino iime kunyumba pamthunzi ili yomanga, batire litachotsedwa, handibuleki yomasula, miyala itaikidwa kumagudumu.